Rudolf Diesel: mwini injini yomwe idamwapo mafuta a mtedza

Dizilo akasowa pamalo omwetsera mafuta, zinthu zambiri zimaima. Chigayo chimatseka, lole ya feteleza imagona panjira ndipo mtengo wa tomato ndi usipa pamsika umakwera tsiku lomwelo. Koma mwa anthu onse omwe amatchula liwu loti dizilo m'mawa ndi madzulo, ndi ochepa amene amadziwa kuti ili ndi dzina la munthu.

Mwini dzinali ndi Rudolf Diesel, mwana wa mmisiri wosauka wa zikopa, yemwe adapanga injini yomwe lero ikuyendetsa malole, mathirakitala, zigayo komanso sitima zapamadzi ndi zapamtunda padziko lonse. Chodabwitsa n'chakuti mkuluyu adamwalira asadaone malole akunyamula katundu m'misewu ndi injini yake. Chinanso n'chakuti mafuta omwe lero akudziwika ndi dzina lake si okhawo omwe iye ankawaganizira. Khumbo lake lidali injini yomwe ingamwe mafuta omwe anthu ali nawo pafupi, ngakhale oyengedwa kuchokera ku mbewu zakumunda.

Mwana wothawa nkhondo

Rudolf Diesel adabadwa pa 18 Malichi 1858 mumzinda wa Paris ku France. Makolo ake, Theodor ndi Elise, adali ochokera m'chigawo cha Bavaria ku Germany ndipo ku Paris adapitako pofuna kukapeza zochita. Bambo ake ankapanga zikwama ndi katundu wina wa zikopa koma malonda sankayenda bwino. Rudolf, yemwe adali wachiwiri kubadwa mwa ana atatu, ankathandiza bambo akewo ntchito komanso kukankha wilibala kukasiya katundu kwa makasitomala. Akapeza mpata ankathawira ku nyumba yosungirako makina ya Conservatoire des Arts et Métiers komwe ankajambula makinawo m'kope lake.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka cha 1870 nkhondo idabuka pakati pa France ndi Prussia, ndipo anthu ochokera ku Germany adalamulidwa kuti atuluke mu Paris. Banja la a Diesel lidathawira ku London chimanjamanja. Poona kuti kumeneko umphawi wafika posauzana, makolowo adatumiza Rudolf, ali ndi zaka 12 zokha, kwa achibale awo a banja la Barnickel mumzinda wa Augsburg ku Germany. Bambo wa pakhomopo, Christoph Barnickel, adali mphunzitsi wa masamu, ndipo sadachedwe kuona kuti mwana wamlendoyo adali ndi mutu wakuthwa.

Ali ndi zaka 14, Rudolf adalembera makolo ake kalata yowadziwitsa kuti akufuna kudzakhala injiniya. Makolowo ankalakalaka kuti mwana wawo ayambe ntchito msanga n'kumathandiza pakhomo, koma iye adakakamira pensulo. M'chaka cha 1875 adapeza thandizo la fizi kaamba kokhoza bwino ndipo adalowa sukulu ya ukachenjede ya zaumisiri mumzinda wa Munich.

Phunziro lomwe lidamusowetsa tulo

Ku Munich n'komwe adakumana ndi Carl von Linde, mphunzitsi yemwe adatchuka ndi luso lopanga makina oziziritsa zinthu, agogo ake a firiji ya lero. Masiku amenewo mafakitale, sitima ndi migodi zinkayendera injini za nthunzi. Injinizi zinkatentha malasha, malashawo n'kuwiritsa madzi, nthunzi yake n'kumakankha makina.

Linde adauza ophunzira ake kuti injini zoterezi zinkawononga mphamvu yochuluka zedi. Mwachitsanzo, pa matumba 10 alionse a malasha omwe injini inkatentha, mphamvu ya thumba limodzi lokha, nthawi zina osakwana n'komwe, ndiyo inkagwira ntchito. Otsalawo ankangothera mu utsi ndi kutentha kopanda phindu. Nkhaniyi idamukhala pamtima Diesel. Iye ankaonanso kuti injini za nthunzi zidali zikuluzikulu komanso zodula moti ndi eni mafakitale okha omwe ankazikwanitsa, pomwe amisiri ang'onoang'ono ngati bambo ake ankangophwanyidwa pamsika. Kuyambira pamenepo adatsimikiza mtima kuti adzapanga injini yosawononga mafuta yomwe munthu wamba angakhale nayo.

Nthenda ya taifodi idamulepheretsa kulemba mayeso omaliza mu 1879. Podikira mayeso ena adakagwirako ntchito ku kampani ya Sulzer mumzinda wa Winterthur ku Switzerland, komwe adaphunzira kugwira sipanala ndi manja ake. Mu Januwale 1880 adamaliza maphunziro ake atakhoza mwapamwamba kwambiri, ndipo adabwerera ku Paris kukagwira ntchito pa fakitale ya Linde yopanga madzi oundana. Patangotha chaka chimodzi adamukweza kukhala mkulu wa fakitaleyo. Mu 1883 adakwatira Martha Flasche ndipo banjali lidadalitsidwa ndi ana atatu: Rudolf, Heddy ndi Eugen. Mu 1890 adasamukira ku Berlin pa ntchito ya Linde yomweyo, koma usiku uliwonse maganizo ake adali pa injini.

Injini yopanda pulagi

Aliyense amene adapopapo tayala la njinga akudziwa kuti pampu imatentha kumunsi kwake. Izi zimachitika chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha. Apa ndiye padagona nzeru za Diesel. Injini ya petulo imasakaniza mafuta ndi mpweya kenaka pulagi n'kuthetheka kuti ziyake. Injini ya Diesel ilibe pulagi yothetheka. Pisitoni imapanikiza mpweya wokhawokha mpaka utatentha kuposa madigiri 500, ndipo mafuta akangofayiridwa mumpweya wamotowo amayaka okha n'kukankha pisitoni ija.

Pa 23 Febuluwale 1893 boma la Germany lidamupatsa chiphaso chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lake. Chaka chomwecho adasindikiza buku lofotokoza maganizo akewo, koma akadaulo ambiri adamuseka ponena kuti palibe chitsulo chomwe chingapirire mpweya wopanikizidwa chotero. Mwamwayi, Heinrich von Buz, mkulu wa fakitale ya makina ya Maschinenfabrik Augsburg, yomwe pambuyo pake idadzakhala kampani ya MAN, adavomera kumupatsa malo ndi amisiri. Kampani ya zitsulo ya Krupp nayo idaikapo ndalama.

Pa 10 Ogasiti 1893 adayesa injini yoyamba. Mafuta adayakadi okha, koma adaphulika mwamphamvu moti chipangizo choyezera mphamvu ya mpweya chidasweka n'kuuluka, anthu omwe adali pafupi n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Pa 17 Febuluwale 1894 injini yokonzedwanso idayenda yokha kwa mphindi imodzi basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: padatenganso zaka zina zitatu za kumasula, kusintha ndi kumanganso. Pomaliza, pa 17 Febuluwale 1897, kadaulo wa ku sukulu ya Munich, Moritz Schröter, adayeza injiniyo ndipo adapeza kuti pa mphamvu 100 ili yonse ya m'mafuta, yoposa 26 inkagwira ntchito. Uku kudali kuposa kawiri injini za nthunzi za masiku amenewo. Injini imeneyi ikusungidwa mpaka lero ku Deutsches Museum mumzinda wa Munich.

M'zaka zonse zoyesererazi, mafuta omwe lero tikuwatcha dizilo kudalibe pamsika. Diesel ndi amisiri ake adayesa petulo, palafini wa nyale, gasi, mafuta ochokera ku phula la malasha, ngakhalenso fumbi la malasha lenilenilo. Fumbilo lidakanika, koma mafuta ambiri amadzimadzi adayaka bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti moto wa m'injiniyi sudalira kuti mafuta akhale opepuka ngati petulo. Bola alowe mumpweya wotenthawo ali timadontho tating'onoting'ono ngati nkhungu.

Chuma ndi mchira wa khoswe

Mbiri ya injiniyi idawanda ngati moto wolusa. Makampani a m'maiko osiyanasiyana adathamangira kudzagula chilolezo chopanga injini za Diesel. Mpondamatiki wofulula mowa ku America, Adolphus Busch, adalipira ndalama za ku Germany zotchedwa mark zokwana 1 miliyoni mu 1897. Mwana wothawa nkhondo uja adasanduka mpondamatiki ndipo adamanga chinyumba cha mtengo wapatali ku Munich.

Koma injini zoyamba kugulitsidwa zidali zisadakhwime. Zambiri zinkawonongeka pafupipafupi ndipo zina zidabwezedwa kwa ozipanga. Anthu ena, monga Emil Capitaine, adamukokera kukhoti ponena kuti lusolo silidali lachilendo. Ngakhale Diesel adapambana mlanduwo, ntchito, maulendo ndi mikangano zidamufooketsa moti mu 1898 adadwala nthenda ya nkhawa mpaka kukagonekedwa kuchipatala. Mutu waching'alang'ala ndi nyamakazi sizidamusiye moyo wake wonse. Pa nkhani ya ndalama nako sadali ndi dzanja labwino: chuma chambiri adachitaya pogula malo ndi kulowa m'mabizinesi a mafuta omwe sadapindule.

Maganizo ofuna kutukula anthu wamba aja sadamuchoke. Mu 1903 adatulutsa buku lotchedwa Solidarismus lomwe linkalimbikitsa anthu apantchito kusonkha ndalama pang'onopang'ono kuti akhale ndi mafakitale awoawo. Iye ankalinyadira bukuli kwambiri, koma anthu omwe adaligula adali owerengeka.

Mtedza ku Paris

M'chaka cha 1900 mzinda wa Paris udachititsa chionetsero chachikulu cha dziko lonse ndipo injini ya Diesel idapata mphotho yapamwamba ya Grand Prix. Pachionetsero chomwecho kampani ya Otto ya ku France idaonetsa injini yaing'ono ya mtundu wa Diesel ikuyendera mafuta a mtedza okhaokha. Injiniyo idapangidwa kuti izimwa mafuta a pansi panthaka ndipo sadaisinthe chilichonse, koma idayenda mosalala moti ndi anthu ochepa okha omwe adazindikira kuti ikumwa mtedza.

Lomwe lidapempha kuti mafutawa ayesedwe ndi boma la France. Panthawiyo dzikolo linkalamulira madera ambiri a mu Africa momwe mtedza unkalimidwa kwambiri, ndipo linkafuna kuti makina a m'maderamo aziyendera mafuta a mbewu zakomweko m'malo modikira malasha ndi mafuta ochokera kutsidya la nyanja. Ambiri lero amanena kuti Diesel adapanga injini yake kuti iziyendera mafuta a mtedza. Izi si zoona kwenikweni, chifukwa maganizo a mtedzawo adabwera injini itapangidwa kale. Choona n'chakuti iye adawalandira ndi manja awiri. Adabwerezanso kuyesa mafutawo, ndipo adalemba kuti mumzinda wa St Petersburg ku Russia mafuta a nsatsi adayesedwanso ndipo adachita bwino, komanso kuti mafuta a nyama nawo adagwira ntchito bwino.

Mu 1912, polankhula kwa mainjiniya anzake, Diesel adati ngakhale mafuta a mbewu ankaoneka achabechabe panthawiyo, tsiku lina adzakhala ofunika ngati mafuta a pansi panthaka. Iye ankaona kuti dziko lomwe lili ndi dzuwa ndi nthaka lingathe kudzilimira mphamvu yake lokha. Chaka chomwecho sitima yaikulu ya Selandia, yomwe idapangidwa ku Copenhagen m'dziko la Denmark, idayamba kuwoloka nyanja zikuluzikulu ndi injini za dizilo, popanda malasha ngakhale thumba limodzi.

Usiku wa pa sitima ya Dresden

Pa 29 Seputembala 1913 Diesel adakwera sitima yotchedwa Dresden padoko la Antwerp ku Belgium pa ulendo wa ku England, komwe amakakhala nawo pamsonkhano wa kampani yopanga injini zake. Adadya mgonero ndi anzake awiri ndipo cha m'ma 10 koloko usiku adatsanzika kuti akukagona, atapempha kuti amudzutse nthawi ikangopitirira 6 koloko m'mawa.

Kutacha, m'chipinda chake mudalibe munthu. Bedi lidali losagonedwa, chovala chogonera chili choyala pamwamba, wotchi ili poti munthu angaione ali chigonere. Chipewa ndi jasi lake zidapezeka zitaikidwa bwinobwino m'mphepete mwa sitimayo. Patatha masiku 10, amalinyero a boti lina la ku Netherlands adapeza mtembo ukuyandama panyanja. Poti udali utawonongeka kwambiri, adangochotsa zinthu za m'matumba, monga chikwama cha ndalama, kampeni ndi mosungira magalasi, mtembowo n'kuubwezera m'madzi. Mwana wake Eugen adazindikira kuti zinthuzo zidali za bambo ake.

Mkazi wake atatsegula chikwama chomwe mwamuna wakeyo adamusiyira asadanyamuke, adapezamo ndalama ndi zikalata zosonyeza kuti kubanki kudalibe kanthu. Pachifukwachi, olemba mbiri ambiri amakhulupirira kuti Diesel adadziponya yekha m'nyanja. Ena amati adachita kuphedwa poti nkhondo yaikulu idali pafupi ndipo injini zake zinkafunika m'sitima zankhondo zoyenda pansi pamadzi, koma umboni wa zimenezi sudapezekepo. Adamwalira ali ndi zaka 55.

Injini ilowa m'lole

Chomwe chidalepheretsa Diesel kuika injini yake m'lole ndi njira yolowetsera mafuta. Injini zake zinkauzira mafuta mkati pogwiritsa ntchito mpweya wa mphamvu wochokera ku chimakina china chopopa mpweya, chomwe chidali cholemera kwambiri. Pafakitale kapena m'sitima sichinkavuta, koma m'galimoto sichikadakwana.

Vutoli adalithetsa ndi anthu ena. Prosper L'Orange wa kampani ya Benz adatulukira kachipinda kakang'ono pamutu pa injini momwe mafuta amayambira kuyaka. M'zaka za 1923 ndi 1924 makampani a Benz, Daimler ndi MAN adatulutsa malole oyamba a dizilo, ndipo mu 1927 kampani ya Robert Bosch idayamba kupanga mwaunyinji pampu yomwe amakaniko lero amaitcha injekita pampu. Pampu imeneyi imakankha mafuta mwamphamvu kupita ku manozo, omwe amawafayira m'injini kudzera m'timabowo tochepetsetsa.

Apa m'pomwe loto la mtedza lija lidakumana ndi mwala. Moto wa m'injini ya Diesel susankha mafuta kwenikweni, koma pampu ndi manozo zimasankha. Zipangizozi zidapangidwa motengera kupepuka kwa dizilo, pomwe mafuta a mtedza, mpendadzuwa kapena soya ndi olemera mwina kakhumi kuposa dizilo.

Zomwe malole akale amakumana nazo

Mpaka lero, m'maiko ambiri muli anthu omwe amayendetsa malole akale ndi mafuta a mbewu kapena mafuta okazingira omwe agwira kale ntchito. Omwe amapirirako ndi malole a injini zokhala ndi kachipinda ka L'Orange kaja komanso pampu ya mzere, yomwe mapaipi ake amatuluka mondondozana pamwamba. Pampu zozungulira sizichedwa kuthyoka zikakumana ndi mafuta olemera ndi ozizira, poti zimadalira mafuta omwewo kuti zitsulo zake zisakhulane. Galimoto zamakono za mtundu wa common rail, zoyendetsedwa ndi kompyuta, ndiye sizifuna n'komwe masewera oterewa.

Ngakhale m'lole yakale mavuto sasowa. Mafuta olemera safayika bwino, choncho sapsa onse. Amasiya mwaye wolimba pa manozo ndi pa malingi a pisitoni, injini n'kuyamba kufuka utsi, kuchepa mphamvu ndi kuvuta kuliza m'mawa. Ena amatsikira mu oyilo wa injini n'kumusandutsa phala lomata, zomwe zingaphe injini yonse. Nyenyeswa za chakudya, mchere ndi madzi za m'mafuta okazingira zimatseka fyuluta ndi kudya pampu. N'chifukwa chake odziwa bwino amasefa mafutawo mosamala, amaika matanki awiri, amaliza injini ndi dizilo, amayamba atenthetsa mafuta a mbewuwo asadawalowetse, ndipo amabwerera ku dizilo asadazimitse injini. Oyilo naye amamusintha pafupipafupi.

Njira ina ndi yochepetsa kulemera kwa mafutawo asadalowe m'thanki. Mu 1937 katswiri wa ku Brussels, Chavanne, adalandira chiphaso cha njira yosinthira mafuta a kanjedza wa mafuta kuti apepuke, ndipo mu 1938 basi idayenda ndi mafutawo pakati pa Brussels ndi Louvain. Awa ndiwo mafuta omwe lero akutchedwa biodiesel, ndipo dizilo wa m'maiko a ku Ulaya amaloledwa kusakanizidwa nawo pang'ono. Koma nawonso ali ndi khalidwe lawo. Amatsuka litsiro lomwe lakhala m'thanki kwa zaka zambiri, litsirolo n'kukatseka fyuluta m'masabata oyamba. Amafewetsa mapaipi ndi masilo a labala wakale mpaka mafuta kumadontha kapena mpweya kumalowa m'mapaipi, injini n'kumazima panjira. Amakoka chinyontho, ndipo kukazizira kwambiri amayamba kuundana msanga kuposa dizilo.

Palafini naye amayaka m'injini ya dizilo monga momwe ankayakira ku Augsburg, koma alibe kuterera kokwanira, choncho amadya pampu ndi manozo pang'onopang'ono. Mafuta akasowa, monga zidakhalira m'Malawi mu 2011 ndi 2012, dizilo wa m'zigubu amachuluka m'misewu, ndipo mwini lole kapena chigayo sangadziwe chomwe chasakanizidwamo. Zotchipa zimadula: ndalama yomwe munthu wapulumutsa pa chigubu chimodzi siingafike n'komwe pa mtengo wokonzetsera pampu.

Manda alibe, dzina lilipo

Rudolf Diesel alibe manda poti nyanja idasunga thupi lake. Injini yaing'ono ya munthu wamba yomwe ankailota idadzapangidwa patatha zaka 20 chimwalirireni. Mu 1933 Magokichi Yamaoka, yemwe adayambitsa kampani ya Yanmar ku Japan, adatulutsa injini ya dizilo yaing'ono yoti mlimi angagule n'kumapopera madzi kapena kupunthira mpunga. Pothokoza, mu 1957 Yamaoka adapereka munda wa chikumbutso cha Diesel mumzinda wa Augsburg, komwe mwana wothawa nkhondo uja adafikira ali ndi zaka 12.

Mafuta a mbewu sadalandebe malo a mafuta a pansi panthaka monga iye ankayembekezera, koma sadaiwalikenso. Tsiku la 10 Ogasiti, lomwe injini yake idaphulika koyamba, ena amalikumbukira chaka ndi chaka ngati tsiku la biodiesel padziko lonse. Ndipo paliponse pomwe chigayo chikulira m'mawa kapena lole yakale ikukwera chitunda ndi matumba a chimanga, dzina la mwana wa mmisiri wa zikopa uja limatchulidwa, ngakhale otchulawo sakumudziwa.